Mkazi Mnzanga wa Padenga

"Pabwalo panga paja, ngakhale mutazika mpini wa tsache, pakutha pa sabata umaphuka," anatero a Manijala. "Chitsamba chimenechi bambo ankangochizunza. Chikafika kwanga, maluwa ake muzidzawaona muli kumsewu."

Telala anawamva achimwene akewo kudzera pa zenera la kukhitchini, ali pa sinki ndi makapu a anthu odzapepesa. Sanayankhe, poti sankauza iye. Ankauza amuna amene anatsalira pakhonde, anthu amene anabwera pa tsiku la maliro koma mpaka pano anali asanapeze mawu otsanzikira nyumba imene tiyi sankatha. Iye anangokumbukira maluwa apulasitiki amene alamu ake, akazi a achimwenewo, anaika pa zenera la pabalaza kwa a Manijala komweko. Nawonso anafa. Anayera ndi dzuwa, kenako anayoyoka.

Dzina loti Manijala anawapatsa ndi bambo awo akadali mwana wa sukulu, chifukwa chokonda kuima manja ali kumbuyo anzawo akamasesa. Kampani ya inshuwalansi inangobwera pambuyo pake kudzavomereza.

Chitsamba ankanenacho chinali pamwamba pa galaja. Denga la galajayo linali lasimenti, lafulati, ndipo pakona pake, pomwe mphepo imawomba kwambiri, panali mgolo wodula pakati, wounjikiridwa miyala kuzungulira mpaka m'milomo kuti chitsulo chisatenthe ndi dzuwa. Mumgolomo ndimo munali chitsambacho, chofika m'chiuno, masamba ake olimba ngati lata, lililonse lili ndi minga m'mbali ndi ina yaitali kunsonga. Malemu bambo awo, amene moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi ya kumapiri, anabwera nacho chili kamtengo m'chitini cha mafuta a injini. Dzina lake lenileni palibe ankalidziwa. Iwo ankachitcha mlendo. Amayi ankachitcha mkazi mnzanga.

Ndipo anali ndi chifukwa. M'miyezi yotentha, m'mawa uliwonse, bambo ankakwera makwerero ndi thumba la ayezi kukayala pa miyala ija. Filiji ya m'nyumbamo inali yodzaza ndi tizigubu takale ta majarini toumitsiramo madzi, moti nyama inkachita kupempha malo. Pa zaka zonsezo chitsambacho chinachita duwa kamodzi kokha, lofiira, lalikulu ngati nkhonya ya mwana, ndipo bambo anaima pageti kuitana aliyense wodutsa kuti akwere akaone, ngakhale wowerenga mita ya madzi. Anthu onse a mumsewumo ankati makwerero amenewo ndiwo adzawaphe. Anafera pampando, nsapato imodzi ili kumanja, wailesi ikunena za nyengo.

Tsiku lotsatira maliro, a Manijala anakhala pampando womwewo nalengeza zimene anakonza. Amayi asamukira kwawo kuchigwa, kumene chipinda chinali chitapentedwa kale. Nyumba ino ipita pa lendi. Loweruka kubwera munthu wa zanyumba kudzayeza zipinda, ndipo tsiku lomwelo Amayi anyamuka. Aliyense anati n'zanzeru. Telala ndiye anavomera msanga kuposa onse, ndipo chifukwa chake ankachidziwa. Iye ndiye ankakhala pafupi, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake yosokera. Amayi akanati atsale okha muno, mankhwala awo, babu lakupsa, mpopi wodontha, galu wa eni ake wolowa pampanda, zonsezo zikanamagogoda pa chitseko chake.

Amayi anamvetsera zonse akuyang'ana m'manja mwawo. Pomaliza anangofunsa kuti, "Nanga mkazi mnzanga?"

A Manijala anati imeneyo si nkhani. Ngati Amayi sangachoke popanda chitsamba cha amuna awo, chitsambacho chipita nawo, ndipo pa masiku otsalawa adzionera okha mmene chomera chimasangalalira chikapeza mwini wodziwa.

Anayamba m'mawa mwake. Anagula paipi yaitali, naikoka kuchokera pampopi wa kuseri, kudutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, mpaka padenga. Anakwera atavala malaya oyera ndi wotchi ya malemu, alamu atagwira makwerero pansi n'kumawakumbutsa za msana. Atafika pamwamba anayamba aima manja m'chiuno kuyang'ana madenga a anthu, ngati munthu woganiza zogula onse. Kenako anafukula pang'ono mumgolomo, natsika ndi nkhope ya munthu amene wapeza umboni. Mulibe dothi, anatero. Muli miyala, mchenga, ndi timiyala tina tophwanyika. Zaka zonsezi chitsamba chakhala chikudya miyala. Anapukusa mutu mowamvera chisoni bambo awo.

Pofika masana anali atathiramo thumba la dothi lakuda logula, feteleza wodzaza manja, ndi madzi mpaka mgolo unasefukira, madziwo n'kumatsika pakhoma la galaja. Abambo aang'ono, mng'ono wake wa malemu, amene anali asanabwerere kwawo poti nkhani za banja sizitha iwo palibe, anati feteleza yekha amawotcha, pafunika manyowa a nkhuku oti aziziritse. Manyowa anapezeka. Alamu anati dzuwa la padengalo lingapsereze ngakhale munthu, napereka nsalu yakale ya patebulo kuti aimange pamwamba ngati tenti. Mmodzi wa amuna a pakhonde anatchula makoko a mazira, ndipo poona kuti mawu ake alandiridwa anapempha tiyi wina. Tizigubu ta ayezi tinatulutsidwa mufiliji kuti mulowe nyama ya alendo. Telala ndiye anatitsuka n'kutiika m'katoni ya zotaya.

Nayenso sanafune kutsalira. Kasitomala wake wina anamuuzapo kuti masamba a tiyi otsala ndi chakudya cha maluwa, ndipo m'nyumba ya maliro chinthu chimenecho sichisowa. M'mawa uliwonse ankakwera ndi kapoto, n'kukhuthula patsinde, minga ikumukanda m'mikono. Potsika ankamva ngati wachitapo kanthu pa nkhani ya Amayi.

M'nyumba munali mosakhalika. Makatoni anadzaza mukolido. Ukafuna supuni unkapeza kuti yapakiridwa kale, ukafuna kukhala pansi mpando unali utabwezedwa kwa eni ake. Telala ankakulunga mbale m'nyuzipepala, nthawi ya chakudya ikakwana n'kuzikulunguliranso. Foni yake sinkapuma. Madiresi a ukwati wa mwana wa mayi wina anali atadulidwa koma osasokedwa, ndipo mayiyo ankayamba ndi kupepesa maliro, kenako n'kufunsa za zipi. A Manijala ankayendayenda pabwalo foni ili kukhutu, kuuza a ku ofesi kuti asasankhe chilichonse iwo asanabwere, ndipo zinkaoneka kuti a ku ofesiwo anali atasankha kale. Alamu ankawerengera makatani ndi maso kuti ndi ati angakwane mazenera a kwawo.

Amayi ankayenda chipinda ndi chipinda, kunyamula chinthu, kuchiyang'ana, kuchibwezera pomwe chinali. Akafika pa zenera loyang'ana kugalaja ankaima pang'ono, kuona madzi akutsika pakhoma, n'kupitirira. Alamu anati chimenecho ndi chisoni, chimatero, akafika kuchigwa n'kuona adzukulu chidzatha.

Lachisanu m'mawa Telala anakwera ndi kapoto kake napeza achimwene ake ali kale padenga, atakhala pa njerwa pansi pa nsalu ya patebulo ija. Zala zawo zinali mapulasitala okhaokha. Chitsamba chinali chitasintha. Masamba a m'munsi anali achikasu, ena akuda m'mphepete ngati apsa ndi simbi, ndipo nsonga za nthambi zinali zitazyolika. Mumgolo munkatuluka fungo la ngalande.

A Manijala anati ndi mmene zimayambira, chomera chikalandira chakudya chabwino koyamba chimayamba chadabwa. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali. Kenako anagwira tsamba limodzi, ndipo linathothoka mosavuta ngati linkangodikira woligwira.

"Usawauze Amayi," anatero.

"Akuona okha pa zenera, achimwene."

"Pa zenera saona mtundu wa masamba."

Pansi, mumsewu, wogulitsa makala ankakankha njinga yake akuitanira. Kenako a Manijala, osafunsidwa, anayamba kufotokoza za chipinda chija: kuti anapenta okha, osati waganyu, kuti anagula bedi lalifupi kuti Amayi asamavutike pokwera, kuti chipatala chili pafupi. Anati foni yonena za bambo inawapeza ali pakati pa msonkhano, ndipo foni yotero safuna kudzailandiranso. Munthu uzimuona ndi maso m'mawa uliwonse, basi. Telala anayang'ana mapulasitala aja. Masamba a tiyi anatsika nawo.

Anawapeza Amayi kuchipinda akupinda malaya a malemu, a yunifomu ya basi, amene anasungidwa ngakhale ntchitoyo inatha kalekale. Telala anayamba mozungulira. Anati chitsamba chija chikuoneka ngati chikusowa mwini wake, paja amati zomera nazo zimadziwa pakagwa zovuta.

"Chikumira," anatero Amayi osadzutsa mutu.

Anafotokoza ngati akunena mtengo wa sopo. Kwawo kumapiri, kumene anabadwira, chitsamba chimenecho chimamera pamiyala pomwe ngakhale udzu umakana, pamalo otsetsereka pomwe mvula ikagwa imangodutsa osakhala. Chimafuna dzuwa lonse masana, chisanu m'bandakucha, mphepo yosaleka, ndi nkhungu yonyowetsa masamba okha. Mizu yake ikaima m'madzi imaola. Manyowa chimadana nawo, moti mbuzi zikazolowera kugona pafupi, chaka chimenecho sichichita maluwa. Ndipo kumeneko palibe amachiyang'ana kawiri. Akazi amangoyanikapo zovala, chifukwa minga imagwira nsalu kuti mphepo isaulutse.

"Ndiye bwanji simunanene, Amayi? Masiku onsewa ife tikuthira madzi inu mukuona."

"Wandifunsa ndani? Poti ndizigona ine simunandifunse, mukanandifunsa za chitsamba?"

Telala anakhala pabedi, kapoto kali pamiyendo. Anati onse ankayesa kuti Amayi amachikonda chitsambacho, n'chifukwa chake aliyense akuyesetsa.

Amayi anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni maliro. Anati pamene dalaivala wachinyamata uja ankawatenga kwawo, analonjeza pamaso pa makolo awo kuti kutauni n'kwa kanthawi chabe. Akangosunga pang'ono, abwerera kukamanga kumtunda. Kenako kunabwera ana. Kenako sukulu za ana. Atapuma pa ntchito panali denga lofunika kukonza, kenako mawondo, kenako anati adikire mlendo achitenso duwa kuti akafike naye akuoneka bwino. Mwamunayo ankafika kwawo kwa mkazi wake sabata iliyonse, akulandira malipiro pamwamba, n'kumabwera ndi moni wa anthu. Mwini kwawo ankapitako pamaliro pokha. Mng'ono wawo akadali komweko, wamasiye nayenso, m'nyumba ya zipinda zopanda anthu, ndipo atabwera pamaliro ano anawanong'oneza asanakwere basi kuti bedi lilipo.

"Anandibweretsera phiri mumgolo kuti ndileke kufunsa za phiri," anatero Amayi. "Ndikati tipita liti, iwo n'kutenga ayezi."

Telala anaganiza za msewu wa kumapiri, umene ankaudziwa kuchokera m'nkhani za bambo ake: basi yonyamuka m'mawa n'kufika dzuwa litapendeka, makona oti wokwera amasanza. Apa m'pamene anazindikira mtunda umene iye ankaufuna. Ankafuna Amayi atalikire ndithu, kuti mpopi wodontha usamamupeze, koma asapitirire poti Lamlungu masana angathe kukhala nawo pakhonde, kuwabwezera batani pa juzi, kumva kuti waonda. Kuchigwa kunali koyezedwa bwino. Kumapiri kunali kutali ndi muyezo wake.

Anafunsa kuti bwanji osangowauza achimwene.

"Mwana amene wapenta chipinda ndi manja ake umamuuza bwanji?" anatero Amayi, natenga malaya ena.

Tsiku lonselo Telala anapakira zinthu molakwitsa. Anaika mankhwala a Amayi m'katoni ya nsapato, nsapato za malemu m'katoni ya mapoto. Mayi wa ukwati ataimbanso, anamuuza kuti zipi zilipo, ngakhale anali asanagule. Kawiri anafika pafupi ndi achimwene ake kuti alankhule, kawiri konse anawapeza akuyang'ana padenga, n'kubwerera.

Loweruka munthu wa zanyumba anafika msanga, bambo wa tayi yaifupi ndi tepi yoyezera, nayamba kuyeza pabalaza anthu ali momwemo, akupepesa miyendo imene ankailumpha. Galimoto yaikulu ya a Manijala inali pageti, kumbuyo kotsekula. Pabalaza panali abambo aang'ono, alamu, ndi mayi a nyumba yoyandikana, amene anabwera kudzatenga mapoto awo koma ataona kuti pali nkhani anakhala pansi mapotowo ali pamiyendo. Amuna a pakhonde anasendeza mipando yawo kufupi ndi chitseko. Amayi anakhala pakona, atavala juzi ngakhale kunkatentha.

A Manijala anayamba ndi kuthokoza. Anathokoza abale, anansi, a tchalitchi, a kampani yawo amene anatumiza nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse, ndipo anafotokoza kukula kwake kwa amene sanaione bwino. Kenako anabwereza dongosolo lonse, mfundo ndi mfundo. Za chitsamba anati chili pa nthawi yosinthira masamba, ndipo chidzatsatira pambuyo. Atamaliza, abambo aang'ono anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, funso limene ankalifunsa manja ali kale pa mawondo kuti adzuke.

"Amayi," anatero Telala, mawu akumveka ngati a munthu wina, "inuyo mukufuna kukakhala kuti?"

Tepi ya munthu wa zanyumba inathawira m'chikho chake ndi phokoso.

"Kwathu," anatero Amayi.

A Manijala anamwetulira moleza mtima, nati kwanu ndi kuno Amayi, ndiponso kwa mwana wanu ndi kwanu.

"Kumapiri. Kwa mng'ono wanga."

A Manijala anamuyang'ana Telala ngati munthu amene wapeza mbala ili m'bale wake. Kenako anaimirira. Anatchula chisanu, nati mafupa a munthu wamkulu sagwirizana nacho. Anatchula msewu. Anatchula kuthamanga kwa magazi. Anati kumeneko foni imagwira munthu akakwera pamwala, ndipo Amayi sangamakwere pamwala pa msinkhu wawo. Anati anthu adzanena chiyani, kuti mwana ali ndi nyumba ya zipinda zambiri koma wakataya mayi ake kuthengo. Pomaliza mawu anatsika, nati chipatala kumeneko chili kutali kwambiri, chitachitika chinthu iwo adzamva mochedwa.

"Bambo ako afera pampando wakhalapowo, chipatala chikuonekera pa zenera," anatero Amayi.

Mayi a nyumba yoyandikana anasuzumira mumphika wawo ngati muli kanthu.

Amayi anatembenukira kwa abambo aang'ono. "Alamu, tsiku limene akulu anu ankanditenga inu munalipo. Munavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zala. Analonjeza kuti adzandibweza kumtunda kapena sanalonjeze?"

Abambo aang'ono anakhosomola. Anati nkhani zakale zimafuna kuzitenga bwino, ndiponso jeketeyo inali yawo. Amayi anangowayang'ana.

"Analonjeza," anatero abambo aang'ono. "Anachita kugwira pamtima."

"Mwamva nonse," anatero Amayi. Kenako anayang'ana mwana wawo wamwamuna, ndipo mawu awo sanali aukali. "Chipinda chako ndachimva, mwanawe, ndipo ndathokoza. Koma wakhala pampando wawo, wavala wotchi yawo. Watsala ulendo wawo. Amenewo anandikongola ulendo umodzi wokha, ndipo apita osabweza. Galimoto ili pageti, kumbuyo watsekula kale."

A Manijala anayang'ana wotchi ija nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna kuti adziwe nthawi. Akazi awo anawagwira pamkono, nanena motsitsa kuti chipindacho sichithawa, miyezi ya chisanu chenicheni Amayi azidzabwera kudzaothera dzuwa kuchigwa. Amayi anati zimenezo zikhoza kukambidwa. Telala anati iye azikwera basi kukawaona mwezi ukatha, ndipo atangonena anazindikira kuti wanena pamaso pa mboni, m'banja limene lonjezo la ulendo langotha kuzengedwa mlandu.

A Manijala anatulutsa mpango napukuta kumaso. Atauchotsa anali atabwerera mwakale. Anati kunena zoona nkhani ya kumapiriyi iwo anali ataiganizirapo kale, kungoti ankafuna ichokere kwa mwini wake. Madokotala ambiri masiku ano akulimbikitsa mpweya wa kumtunda kwa anthu achikulire. Msewuwo amaudziwa bwino, bambo ankawafotokozera. Palibe anatsutsa. Munthu wa zanyumba anafunsa ngati apitirize kuyeza, ndipo anauzidwa kuti apitirize.

Za chitsamba Amayi anati achitsitse. Ngati mizu ikadali ndi moyo, akachisiya pamwala chikadzionere chokha. Ngati chafa, chikaolere kwawo.

Apa amuna a pakhonde anapeza ntchito yawo yoyamba chifikireni. Anakwera padenga pamodzi ndi a Manijala, namasula nsalu ya patebulo, nayamba kugumula mulu wa miyala wozungulira mgolo. Amayi anaima pansi akulamula osakweza mawu: akokolole dothi lakuda lonse ndi manja, apendeketse mgolo madzi atuluke, achotsemo miyala ikuluikulu, kumene akupitako miyala sakagula. Matope onunkha anatsika pakhoma. Wina anabayidwa ndi munga natchula dzina la Mulungu. Kenako anamanga chingwe, ndipo mgolo unatsika pang'onopang'ono, ukuzungulira m'malere, a Manijala akuwerengera anthu pamwamba ngakhale chingwecho sanachigwire.

Utafika pansi, Telala anaona chimene mulu wa miyala unkabisa. M'mbali mwa mgolowo munali zogwirira ziwiri zowotcherera, uku ndi uku, zopakidwa penti yoteteza dzimbiri kambirimbiri mpaka penti inachita makwinya. China chinali pamwamba, kufupi ndi mlomo, chitsulo chosakuta, chachikulu mokwana dzanja la dalaivala. Chinacho chinali m'munsi pang'ono, chocheperako, chokulungidwa bwinobwino ndi mphira ya chubu cha njinga. Mphirayo inali yatsopano, yakuda bii. Kumapeto kwake kunkasuzumira ina yakale, yotuwa ndi yong'aluka, ndipo pansi pa imeneyo panali inanso.

Amayi anali asanakwerepo makwerero amenewo chiimikireni. Anayandikira, nayang'ana chogwirira chachikulu, kenako chaching'onocho. Anawerama, nalowetsa dzanja. Zala zinakwana ndendende. Anakhala choncho atawerama, chala chachikulu chikusisita mphira.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero motsitsa.

Telala anasendera kuti awalandire, koma Amayi anamukankha ndi chigongono. Anadzutsa mutu kuyang'ana a Manijala, amene anali atangotsika kumene, malaya oyera ali matope.

"Gwira uko."

A Manijala anagwira chitsulo chosakutacho ndi zala zawo za mapulasitala. Mgolo unanyamuka uli chilili, osapendekera mbali iliyonse, ndipo anthu anapatuka kuti awiriwo adutse kupita pageti.